Mowa ndi mafizo: zimene anyamata a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi amafunsa

Ku Dowa ndi ku Ntchisi anthu olimba sasowa. Amene adaonapo wakabaza akukankha njinga yosenza matumba awiri a chimanga pachitunda chopita kuboma la Dowa, kapena mayi akutsika m'mbali mwa phiri la Ntchisi ndi mtolo wa nkhuni, sangatsutse. Masiku ano pali gulu linanso: anyamata olawirira kuthamanga m'mbali mwa msewu wa M1 pa Mponela ndi pa Madisi, ena akukonzekera bonanza, ena akudikira tsiku limene asilikali kapena apolisi adzalengeze zolemba anthu ntchito, enanso akunyamula simenti youmbira m'zitini kuseri kwa nyumba kuti chifuwa chitambasuke. Ambiri mwa iwo madzulo mukawapezanso pamowa. Mafunso otsatirawa ndi amene amamveka kawirikawiri pakati pawo.

Ndimachita mafizo sabata yonse, mowa ndimamwa Loweruka lokha. Pamenepo pali vuto?

Zitengera kuti Lowerukalo mumamwa wochuluka bwanji, ndiponso mumamwa mutangochoka kochita chiyani. Ambiri amaganiza kuti minofu imakula pamene munthu ali pachitsulo. Ayi. Nthawi imeneyo minofu imakhala ikung'ambika pang'onopang'ono m'kati, n'chifukwa chake m'mawa mwake thupi limaphwanya. Kukula kumabwera pambuyo, munthu atadya n'kugona, pamene thupi likutenga zakudya zomanga thupi n'kumakonza mong'ambika muja, ndipo ntchitoyi imatenga tsiku lathunthu kapena awiri. Tsoka ilo, nthawi yomweyo ndi imene timu imanyamukira kukasangalala.

Mu 2014 akatswiri a ku Melbourne m'dziko la Australia, motsogozedwa ndi Evelyn Parr, adatenga anyamata 8 ozolowera masewera, kuwachititsa mafizo owawa, kenako n'kuwamwetsa mowa wokwana galamu imodzi ndi theka pa kilogalamu iliyonse ya thupi lawo. Adatapa kachidutswa ka mnofu wa pantchafu kuti aone mmene ntchito yokonza ija ikuyendera. Tsiku limene anyamatawo adamwa mowa pamodzi ndi chakudya chomanga thupi, ntchitoyo idatsika ndi 24 peresenti poyerekeza ndi tsiku limene adalandira chakudyacho popanda mowa. Tsiku limene adamwa mowa ndi zashuga zokha idatsika ndi 37 peresenti. Kwa mnyamata wolemera makilogalamu 65, mlingo umenewu ndi mabotolo 7 kapena 8 a Green, ndipo pa Mponela m'mwezi wa June, fodya atagulitsidwa, mabotolo 8 si nkhani yoti munthu n'kudabwa nayo.

Ku New Zealand, Matthew Barnes ndi anzake pa Massey University adayesa mphamvu za miyendo ya anyamata amene adamwa galamu imodzi pa kilogalamu iliyonse atangotsiriza mafizo. Patapita tsiku ndi theka, miyendo yawo idali yofooka kuposa mmene idalili atamwa madzi a malalanje okha. Atachepetsa mlingowo ndi theka, kusiyanako sikudaoneke. Ndiye vuto si dzina la tsiku. Botolo limodzi kapena awiri mutadya nsima silingafute mafizo a sabata yonse. Kupapira mpaka tambala woyamba, thupi lili lotopa komanso m'mimba muli gwa, ndiko kumakubwezani m'mbuyo, ngakhale kukhale kamodzi pa sabata.

Za magalamuzo ife sitizidziwa. Tatiwerengerani m'mabotolo.

Botolo la Green la mamililita 330 lili ndi magalamu 12 kapena 13 a mowa weniweni, zotsalazo ndi madzi ndi zina. Phaketi ya Chibuku ya lita imodzi imanka nikalipa masiku akamapita chifukwa imapitiriza kuwira, ndipo ikapsa imatha kufika magalamu 30. Kachasu ndiye wovuta kuwerengera, poti palibe amene amayeza ukali wake, ndipo woyamba kudontha uja amaposa wotsirizira kutalitali. Tingoyerekeza kuti ali ndi ukali wa jini, 40 peresenti: botolo la Fanta lodzaza ndiye kuti muli magalamu pafupifupi 95, chimodzimodzi mabotolo 7 a Green ndi kanthu. Timabotolo tapulasitiki timene tidadzaza m'maokala boma litaletsa masacheti mu 2015 tili m'gulu lomwelo la mowa waukali, kuchepa kwa kabotolo kusakupusitseni.

Tsono chiwindi cha munthu wamkulu chimachotsa magalamu 7 mpaka 10 pa ola, ndipo palibe chimene chingachifulumizitse. Amene wakhuthula botolo la Fanta la kachasu usiku, m'mawa akamamanga zingwe za nsapato kuti akathamange, mowa umakhala ukadali m'magazi.

Ndimathamanga, koma mimba ikungotuluka. Ndi mowa?

Nthawi zambiri ndi womwewo, ndipo umadzera njira zitatu. Yoyamba ndi mphamvu imene ili mumowamo. Galamu imodzi ya mowa ili ndi makalori 7, pamene ufa ndi shuga zili ndi 4, mafuta ophikira 9. Botolo la Green lili ndi makalori pafupifupi 140, ndiye mabotolo 5 ndi makalori 700. Munthu wa makilogalamu 65 amatha makalori pafupifupi 65 pa kilomita iliyonse imene wathamanga, choncho kuti abweze za usiku umodzi umenewo ayenera kuthamanga makilomita opitirira 10. Ndi angati amatero Lamulungu m'mawa?

Njira yachiwiri ndi imene anthu saidziwa. Thupi lilibe nkhokwe yosungira mowa, ndipo limauona ngati poizoni woyenera kuchotsedwa msanga. Chiwindi chili ngati chigayo chimodzi cha pamudzi: mowa ukafika umalumpha mzere, matumba onse amene adafika kale n'kumadikira. Kafukufuku wa ku California wa mu 1999 adapeza kuti magalamu 24 okha, mlingo wa mabotolo awiri, adachepetsa kuotcha mafuta m'thupi ndi 73 peresenti kwa maola angapo. Mowa weniweniwo wochepa kwambiri ndi umene udasanduka mafuta. Chimene chimachitika n'chakuti mafuta a chakudya chimene mwadya usiku umenewo saotchedwa, amakasungidwa.

Apa ndiye pamabwera njira yachitatu, imene aliyense woyenda m'malo omwera mowa amaidziwa ndi mphuno. Pakhomo pa bawa sipasowa chiwaya. Mowa umautsa nkhuli n'kuchotsa manyazi a m'thumba, ndiye kanyenya wa nkhumba wanonanona, tchipisi chosambira m'mafuta, mang'ina, zonse zimalowa pa nthawi imene chigayo chija chatanganidwa. Kwa amuna mafuta otere amakonda kukhala m'kati mwa mimba, mozungulira matumbo ndi chiwindi, ndipo amenewa ndi amene amayenda limodzi ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Kwathu kuno mimba yotuluka timaipatsa ulemu, timati bambo ayamba kupeza bwino. Mafizo a pamimba okha, ngakhale muchite 200 patsiku, sachotsa mafuta amenewa ngati mabotolo sadachepe.

Nanga bwanji akachasu ambiri ndi oonda? Ndiye kuti kachasu amachotsa mafuta?

Taonani bwino kuonda kwake. Yang'anani ntchafu ndi matako a munthu amene wakhala zaka pakachasu: thalauza ikulendewera, akafuna kudzuka pampando wamfupi amayamba wagwira bondo, chitunda chimene ankakwera atasenza thumba tsopano akupumira kawiri ali chimanjamanja. Kumeneko ndi kutha kwa minofu, osati kwa mafuta okha. Madokotala amati pafupifupi theka la anthu omwa kwambiri kwa zaka zambiri minofu yawo imafota motere, kuyambira ya m'chiuno, m'ntchafu ndi m'mapewa. Mtima nawo ndi mnofu, umafookanso.

Chifukwa china ndi njala. Kachasu ali ndi makalori koma alibe chomanga thupi ngakhale pang'ono, ndipo ndalama imene ikadagula usipa kapena mazira yathera kwa mayi wotcheza. Mowa umawononganso matumbo moti mavitamini a gulu la B salowa bwino m'thupi. Anthu a ku Dowa nkhani ya mavitamini amenewa adaiona ndi maso: mu 2015 ndi 2016, zaka za njala zija, anthu mazanamazana a dera la Kasese adadwala pellagra, nthenda yosupula khungu m'manja ndi m'khosi, yotsegula m'mimba ndi kusokoneza mutu, imene imagwira anthu odalira chimanga chokha. Gwero lake kumeneko idali njala, osati mowa, koma madokotala amadziwa kuti munthu womwa kwambiri amene sakudya mokwanira ndiye sachedwa kugwidwa ndi nthendayi.

Ndipo mukaona chidakwa choonda manja ndi miyendo koma mimba itatupa n'kumanyezimira, maso atachita chikasu, musamuseke kuti wanenepa. Kawirikawiri amakhala madzi odzaza m'mimba chifukwa chiwindi chauma. Ameneyo ndi wa kuchipatala lero lomwe.

Makolo athu ankalima dima ndi mowa, mizere n'kumatha. Iwo sankafooka bwanji?

Funso ili ndimalikonda chifukwa muli choonadi. Masese a dima adali ophikidwa ndi ufa ndi chimera, olemera, a ukali wochepa, ndipo chipanda chinkazungulira anthu ambiri. Munthu ankamwa chakudya ndi madzi pamodzi, mowa uli wochepa. Akatswiri awiri a ku Scotland, Susan Shirreffs ndi Ron Maughan, adaonetsa mu 1997 kuti chakumwa cha ukali wosapitirira 2 peresenti sichilepheretsa thupi kubwezeretsa madzi amene lataya ndi thukuta, pamene cha 4 peresenti chimayamba kuchedwetsa. Kachasu wa 40 peresenti ali kutali ndi nkhani imeneyi.

Komanso dima silinkachitika tsiku ndi tsiku, ndipo kufulula mowa kunkafuna masiku angapo ndi chimanga cha m'nkhokwe. Lero kabotolo kali pa okala iliyonse kuyambira m'mawa, kolowa m'thumba la malaya. Amene akufuna chimene chinkawalimbitsa makolo pa dima achipeza mu thobwa, poti ufa, chimera ndi madzi ndi zomwezo.

Ndikadzuka ndi matsire ndimathamanga kuti mowa utuluke ndi thukuta. Zimathandiza?

Sizithandiza. Gawo loposa 90 peresenti la mowa umene mwamwa limachotsedwa ndi chiwindi, ndipo thukuta, mpweya ndi mkodzo pamodzi zimangotulutsa kotsalako. Fungo limene anzanu akumva pajezi yanu ndi kachigawo kakang'ono zedi. Khofi, kusamba madzi ozizira, msuzi wa mang'ina wa tsabola, zonsezi zingakutsitsimutseni koma mowa m'magazi umatsika pa liwiro lake lomwe lija.

Choopsa n'chakuti m'mawa wa matsire thupi limakhala louma kale. Mowa umatsekereza homoni imene imauza impso kuti zisunge madzi, n'chifukwa chake pabawa anthu amangopita kuseri. Umalepheretsanso chiwindi kupanga shuga wa m'magazi, ndiye amene adamwa osadya akhoza kuchita chizungulire n'kugwa pakati pa chitunda. Mtima umagunda mofulumira, nthawi zina mosalongosoka. Onjezerani dzuwa la October, mwadziputira ngozi. Tsiku lotere imwani madzi, idyani phala kapena nsima, yendani pang'onopang'ono ngati mukufuna, mafizo owawa adikire mawa. Musathamangirenso Panado wambiri pamwamba pa mowa, poti zonse ziwiri zimalemetsa chiwindi chomwecho, pomwe Brufen pamimba yopanda kanthu amakanda chifu.

Kuno June ndi July kumazizira koopsa. Toti imodzi tisanalowe m'bwalo imatenthetsa thupi n'kuchotsa mantha, si choncho?

Kutenthako n'konyenga. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, magazi ofunda n'kuthamangira kunja. Khungu limamva kutentha pamene m'kati thupi likutaya kutentha kwake mwachangu. M'mapiri ngati a Ntchisi, kumene chifunga chimagona pansi mpaka dzuwa litakwera, woledzera amene wagona panjira usiku wa July akhoza kufa ndi chisanu ali chimverere kuti akufunda.

Za mantha, inde amachepa, koma pamodzi ndi mantha pamapitanso maso akuthwa, kutembenuka msanga ndi kuyeza mtunda. Goloboyi amachedwa kudumpha, wakumbuyo amalowa mwendo pamene sakadalowa, ndipo wakabaza wa njinga yamoto amaona ngati khona ili patali. Pa mpikisano wa Olympics wa mu 1968 ku Mexico City, munthu woyamba kulandidwa mendulo chifukwa cha zoletsedwa adali Hans-Gunnar Liljenwall wa ku Sweden, amene adamwa mowa kuti manja asanjenjemere powombera mfuti. Mu 2018 bungwe la WADA, loona za mankhwala oletsedwa m'masewera, lidachotsa mowa pa mndandanda wake n'kusiyira mabungwe a masewera kuti aziona okha. Pa mpira ndi pa liwiro mowa suwonjezera mphamvu.

Ine ndikamwa ndimagona tulo tofa nato. Tulo si ndiye mankhwala a minofu?

Kugona msanga ndi kugona bwino n'zosiyana. Mowa umagwetsa munthu mofulumira, koma chakum'bandakucha ukamatha m'magazi tulo timaduladuka, munthu n'kumadzuka kukataya madzi, mkonono uli patsogolo. Homoni yokulitsa ndi kukonza thupi imatuluka kwambiri m'tulo ta kumayambiriro kwa usiku, ndipo mowa umaichepetsa. Testosterone nayo imatsika: ku Netherlands amuna amene ankamwa magalamu 40 tsiku lililonse kwa masabata atatu idatsika ndi pafupifupi 7 peresenti. Kutsika kumeneku n'kochepa, koma kwa omwa mwauchidakwa kumakhala kwakukulu, mpaka ena amamera timabere ndipo m'nyumba zinthu zimavuta.

Ndabinya bondo pampira. Mowa ungaphe ululu?

Ululu uchepa usiku umenewo, bondo litupa kwambiri m'mawa. Mitsempha ikatseguka magazi ndi madzi zimathamangira povulalapo, ndipo poti simukumva kuwawa mumaliyendera, mwinanso kuvina nalo. Masiku awiri kapena atatu oyamba ikani nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, mangani bandeji, kwezani mwendo, mowa ayi. Amene wagundidwa mutu pampira asalawe n'komwe, chifukwa kuledzera kumabisa zizindikiro zoti m'mutu mukukha magazi.

Nanga ife a netibo?

Zonse zanenedwazi zikukukhudzani, amayi, ndipo mlingo wanu ndi wocheperapo. Thupi la mkazi lili ndi madzi ochepa poyerekeza ndi la mwamuna wolemera chimodzimodzi, ndiye botolo lomwelo limakweza mowa m'magazi kwambiri. Woyembekezera asamwe ngakhale pang'ono.

Koma osewera otchuka akunja amamwa, zikho n'kumatenga.

Ena ankamwadi, ndipo eni ake adafotokoza mmene zidawathera. Otsatira Arsenal, amene m'mashowu a mpira pa Mponela sasowa, akumudziwa Tony Adams. Adali kaputeni wotenga zikho uku akumwa mwauchidakwa, mpaka adakhalako kundende mu 1990 chifukwa choyendetsa galimoto ataledzera. Mu 1996 adavomera poyera kuti ndi chidakwa n'kusiya, chaka chomwe Arsène Wenger adafika n'kusintha kadyedwe ndi kamwedwe ka timu yonse. Adams adasewera mpaka 2002, natenganso ligi kawiri ali wosamwa, ndipo mu 2000 adakhazikitsa Sporting Chance, malo othandiza osewera amene agwidwa ndi vutoli. George Best wa Manchester United sadathe kusiya: adamuika chiwindi china mu 2002, namwalira mu 2005 ali ndi zaka 59.

Kumbukiraninso kuti anzathuwo ali ndi dokotala wa timu, wophika wa timu ndi nyama tsiku lililonse. Mnyamata wa kwa Kalumo kapena kwa Msakambewa amene mawa lake akupita kudimba atadya nsima ya masamba alibe pobwezera zimene mowa wamulanda.

Ndiye tichite bwanji ife amene sitikufuna kusiyiratu?

Ndisakunamizeni kuti pali mlingo wopanda vuto. Bungwe la WHO lidanena mu January 2023 kuti mlingo wotere kulibe, makamaka pa nkhani ya khansa. Koma kuchepetsa kumapindula, ndipo kwa wamafizo nthawi yomwera ndi yofunika ngati kuchuluka kwake. Mukatuluka m'bwalo yambani madzi kapena thobwa mpaka mkodzo uyere, kenako chakudya chenicheni. Apa anthu a Dowa ndi Ntchisi alibe chowiringula, chifukwa soya, mtedza ndi nyemba amalima okha, zimene anthu a m'tauni amachita kugula. Phala la soya lothira nsinjiro, nsima ya nyemba, mazira awiri, chambiko kapena usipa zikwanira kuyambitsa ntchito yokonza minofu. Chomvetsa chisoni n'kuona mnyamata akugulitsa soya yense kwa mavenda m'mwezi wa May, ndalama n'kuthera patimabotolo, kenako n'kumafunsa anzake kumene angagule ufa wa m'zitini wokulitsa minofu.

Mukadya, ngati mukumwa, lekezani pa mabotolo awiri kapena phaketi imodzi, muziphatikiza ndi madzi, ndipo musiye padakali maola angapo musanagone. Usiku woti mawa kuli mpira musamwe, ngakhalenso usiku wa tsiku limene mwachita mafizo owawa kwambiri. Amene mukukonzekera mayeso a usilikali, siyani kwa miyezi yonse yokonzekerayo, mudzaona nokha mmene mpweya ukubwerera pachitunda. Mowa wosadziwika kochokera upeweni, poti wina amathiramo mankhwala amene amachititsa khungu ndi kupha, monga zidachitikira ku Blantyre mu 2024 pamene anthu angapo adamwalira atamwa uja amati Ambuye n'tengeni. Kusakaniza mowa waukali ndi zakumwa zopatsa mphamvu kumangobisa kuledzera, munthu n'kumwa woposa muyeso.

Pali gulu limodzi limene malangizo awa sakulikwanira. Ngati mumadzuka manja akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, mpaka mutalawako ndiye thupi n'kukhazikika, musasiye mwadzidzidzi panokha, chifukwa kutero kumatha kubweretsa khunyu ndi kubwebweta, ndipo ena amafa nako. Pitani kuchipatala cha boma ku Dowa kapena ku Ntchisi, ku Mtengowanthenga kapena ku Madisi, mukawauze adokotala mosabisa kuti mumamwa wochuluka bwanji patsiku. A St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amathandizanso anthu ofuna kusiya mowa. Popita tenganani ndi m'bale wanu amene mumamukhulupirira.